Asanadule Thabwa, Amagogoda Khoma

M'nyumba zimene zikumangidwa masiku ano, kaya ndi ku Area 49, ku Chileka, ku Katoto kapena ku Matawale, sinki ya m'bafa siyimanso yokha pa mwendo wake woyera monga zinkakhalira kale. Yakwera pa kabati, ndipo m'kabatimo ndi momwe mukubisala sopo, mathawulo ndi mankhwala otsukira. Makabati ake alipo mitundu iwiri. Ena amaponda pansi, kulemera kwawo konse n'kutsikira pa simenti. Ena amapachikidwa kukhoma, kunsi kwake n'kutsala mpata woti wokolopa alowetse mopu. Eni nyumba ambiri amasankha ndi maso. Aona chithunzi pafoni, chawadolola mtima, basi aitana kalipentala: "Tikufuna ngati iyi."

Kalipentala wofuna ndalama za msanga amangoyang'ana chithunzicho n'kutchula mtengo pomwepo. Amene ine ndimamuvulira chipewa satero. Amati, "Mayi, ndibwere kaye ndidzaone bafalo." Akudziwa kuti pa kabati ya m'bafa pali mafunso awiri amene chithunzi sichingayankhe. Kulemera kudzapita kuti? Nanga madzi adzapita kuti? Kabati yopachika yathawa madzi a pansi, koma yasenzetsa khoma katundu. Yoyima pansi yapeputsa khoma, koma mapazi ake amanyowa tsiku ndi tsiku. Imene ili yabwino m'nyumba ino, m'nyumba ya pafupi ikhoza kukhala tsoka. Yankho lili m'njerwa, m'mapaipi ndi m'kasambidwe ka anthu okhala m'nyumbamo, ndipo luso la mmisiri limayambira pa kudziwa kuwerenga zinthu zitatuzi.

Akalowa m'bafa, tepi imakhala ikadali m'thumba. Amayamba wagogoda khoma ndi chibakera, kenako ndi chogwirira cha hamala, khutu ali tcheru. Khoma lolimba limayankha mwachidule. Pamene pulasitala analekana ndi njerwa, kapena pamene tailosi inamatidwa ndi simenti ya m'makona mokha, pamalira mwamphako, ndipo iye amalembapo kamtanda ndi pensulo. Akatero amapita pakhomo pa bafa kukayeza kukhuthala kwa khoma: kaya ndi la 9 inchi, lomwe ndi masentimita pafupifupi 23, kapena la 4 ndi hafu, la mzere umodzi wa njerwa. Makoma ambiri ogawa zipinda ndi a 4 ndi hafu, ndipo bafa kawirikawiri limazunguliridwa ndi makoma oterowo.

Kugogoda sikukwanira. Amasankha malo amene kabati idzabise, n'kuboola kabowo kamodzi koyesera, dzanja lamanzere atalitchera pansi pake kuti alandire fumbi. Fumbi lofiira lotuluka pang'onopang'ono, makina akulimbana nalo, ndi njerwa yakupsa bwino. Fumbi lotuwa ndi simenti. Koma nsonga ikangolowa phwee popanda chotsutsa, ndiye kuti yagwera m'mphako ya buloko, m'njerwa yosapsa, kapena m'matope. Aliyense amene anawotchapo uvuni amadziwa kuti njerwa sizipsa mofanana. Za pafupi ndi moto zimatuluka zolimba, zina mpaka kuda, ukaziwombanitsa zimalira ngwee. Za m'mphepete zimatuluka zambuu, zofumbutuka ukazikanda ndi chikhadabo. Womanga sataya njerwa. Zonse zimalowa m'khoma, nthawi zina zomangira zake n'kukhala matope a dothi, pamwamba n'kuphimba ndi pulasitala ndi matailosi onyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafumbi ka m'dzanja kaja ndi kamene kamaulula zimene zili kuseri.

Chimene amavutikira chonchi chimamveka msanga kwa aliyense amene anatungapo madzi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mtsikana amaisenza pamutu kuchokera kumjigo mpaka kunyumba akucheza ndi anzake. Tamuuzani aigwire ndi manja otambasulira kutsogolo, sangafike patali. Ndowa ndi yomweyo, koma kulemerako kwachoka pamsana n'kupita kutali ndi thupi. Kabati yoyima pansi ndi ndowa ya pamutu, yopachika ndi ya m'manja otambasula. Imatulukira kukhoma masentimita 45 kapena kuposera, ndipo chilichonse chotsamira kutsogolo kwake chimafuna kuigwetsa chafufumimba. Mbali yake ya m'munsi imakanikiza khoma, pamene mabawuti a m'mwamba akukokedwa kuti azuke. Mpata wa pakati pa mabawuti a m'mwamba ndi mkombero wa m'munsi ukakhala waukulu, kukokako kumachepa. Choncho timakabati tatifupi, ta dilowa imodzi, timene pachithunzi timaoneka topepuka kwambiri, ndi timene timakoka khoma mwankhanza kuposa makabati aatali.

Ndipo mmisiri sawerengera kulemera kwa matabwa ndi sinki kokha. Amaona agogo amene adzagwirire sinki ndi manja onse awiri podzuka. Amaona mwana amene adzakwerepo ndi mimba kuti afikire galasi. Amaona tsiku limene madzi adzadule, wina n'kutsamiritsa chigubu chodzaza pa mkombero pothira m'sinki. Ku Ulaya, muyezo wa masinki wotchedwa EN 14688 umafuna kuti sinki yopachika ipirire katundu wa makilogalamu pafupifupi 150 kwa ola lathunthu osasweka. Muyezowo umayesa sinki, suyesa khoma la nyumba yanu. Khomalo woliyesa ndi mmisiri.

Akakhutira kuti khoma lingathe, imayamba ntchito imene ndimakonda kuionerera. Kale, wofuna kulowetsa sikuluu m'njerwa ankasema dzenje ndi tchizulo n'kukhomeramo kamtengo. Mpaka lero alipo amene amasongola timitengo totere, koma m'bafa kamtengo kamatupa nthawi ya dzinja n'kufota nthawi ya chilimwe, mapeto ake kamagwedera. Cha m'ma 1910, John Joseph Rawlings wa ku London anatulukira pulagi ya ulusi imene inkafutukuka sikuluu ikamalowa, ndipo mu 1958 Artur Fischer wa ku Germany anabweretsa pulagi ya nailoni yokhala ndi mano, yomwe lero ili m'hadiweya iliyonse. Nzeru yake ndi imodzi: chimene chalowa m'bowo chifutukuke, chilume njerwa mbali zonse. Koma pulagi imaluma bwino ngati bowo ndi laukhondo ndiponso la saizi yake.

Tamuonani akuboola tailosi. Amamatapo tepi ya pepala kuti nsonga isaterereke, amazimitsa kugunda kwa makina, n'kuyamba pang'onopang'ono, mnyamata wake akudontheza madzi kuti nsonga isatenthe. Mwini nyumba amapuma mosamala, poti tailosi ikang'aluka mwina yofanana nayo siipezekanso m'sitolo. Akangopyola tailosi amasintha nsonga, kuyatsa kugunda, n'kulowa m'njerwa. Amapewa mizere ya simenti ya pakati pa njerwa, ndipo ngati kuseri kwa khoma sikunapakidwe pulasitala amazungulira kukawerenga mizereyo kuti bowo ligwere pakati pa njerwa. Kenako amalowetsa kapaipi kapulasitiki m'bowomo n'kupemerera, atatsinzina, mpaka fumbi lonse lituluke, chifukwa pulagi yogona pa fumbi imaterereka. Chomaliza n'chaching'ono koma ndi chimene chimasiyanitsa amisiri: pulagi amaikankhira m'kati mpaka ipitirire tailosi. Ikatsalira pa tailosi, podzafutukuka imaing'amba. Ikalowa, imafutukukira m'njerwa momwe muli mphamvu.

Masiku ano makoma akusintha. Kuyambira mu 2018, malamulo a bungwe loona za zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza nkhalango, ndipo nawonso anthu omanga nyumba zawo ambiri atembenukira ku mabuloko a simenti. Kwa mitengo yathu imeneyi ndi nkhani yabwino. Kwa wopachika kabati ndi funso latsopano, poti buloko ili ndi mphako m'kati, ndipo bawuti yofutukuka imangogwira kakhungu kopyapyala, ukaimanga kwambiri n'kukaswa. Mmisiri akaitanidwa nyumba isanathe, amapempha womanga kuti athire konkire m'mphako za mabuloko a kumbuyo kwa sinki. Ntchitoyo ndi ya wilibala imodzi, koma imathetsa nkhani yonse. Akaitanidwa mochedwa ali ndi njira ziwiri. Ina ndi guluu wa mankhwala amene amapoperedwa m'kachubu kokhala ndi timabowo, n'kuuma atakumbatira chitsulo kuseri kwa khungu la buloko. Ina ndi kupyoza khoma lonse ndi mabawuti aatali, kuseriko n'kuika chitsulo chophwatalala chimene chimakwiriridwa mu pulasitala. Apa khoma silikulumidwanso, lapanidwa mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale la 4 ndi hafu la njerwa zofooka limapirirako.

Kabatiyo nayo iyenera kukhala ndi msana. Nthawi zina kabati ikagwa, mabawuti amapezeka ali chilili kukhoma, chimene chang'ambika ndi kathabwa kopyapyala ka kumbuyo. Mmisiri wabwino amaika thabwa lolimba lopingasa m'mwamba, mitu yake italowetsedwa m'mabowo osemedwa m'matabwa a m'mbali, kuti kulemera kuyende m'thupi lonse la kabati. Ena amatenga thabwa limodzi n'kulicheka m'litali mopendeketsa pa madigiri 45. Theka lina amalimangirira kukhoma ndi mabawuti anayi kapena asanu, levulo ili pamwamba. Theka linalo limakhala kumsana kwa kabati. Akanyamula kabati n'kuitsitsa, mbali zopendeka zija zimakolana, ndipo kulemera kukamachuluka m'pamenenso kabati ikukokeredwa kukhoma. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: kabati imatha kusendezedwa pang'ono kumanja kapena kumanzere kuti ikumane ndi paipi. Ikakhala pamalo pake, amaika masikuluu awiri m'munsi kuti wina asadzaikweze mwangozi.

Pambuyo pa khoma, paipi ndiye mboni yachiwiri, ndipo kawirikawiri ndi imene imagamula mlandu. Kunsi kwa sinki iliyonse kuli paipi yopindika imene imasunga madzi pang'ono, akuya masentimita 5 mpaka 7 ndi theka. Timadzi timeneti ndi timene timatsekereza fungo la m'ngalande kuti lisabwerere m'nyumba. Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ku London, analembetsa mu 1775 chimbudzi chamadzi chokhala ndi paipi yopindika chotere, ndipo mpaka lero nzeru imeneyi sinasinthe. Kuchokera pa mpindirowo, madzi oipa amatuluka pa paipi ya mamilimita 32 kapena 40, yotsetsereka masentimita pafupifupi awiri pa mita iliyonse. Funso ndi lakuti imatulukira kuti. M'nyumba zambiri za kuno, sinki ili pa khoma lakunja ndipo paipi imangopyoza khomalo n'kukagwera m'ngalande panja. Pamenepo kabati yopachika imakhala bwino, poti kunsi kwake sikuoneka kanthu. Koma ngati paipi inakwiriridwa m'simenti ya pansi, kupachika kabati ndiye kusiya paipi yotuwa ili njo pakati pa mpata umene munkafuna ukhale woyera. Zikatero, mwina muswe pansi, kapena muvomere kabati yoyima imene idzabisa zonse.

Mutu umodzi susenza denga. Kabati yopachika imafuna kuti womanga, pulambala ndi kalipentala akumane khoma lisanapakidwe. Pulambala akamasema njira ya mapaipi m'khoma, kalipentala amamupempha kuti asemere chotsika, chifukwa mzere wautali wopingasa pa khoma la 4 ndi hafu umalifooketsa pamalo pomwe pakufunika mphamvu. Amagwirizananso pamene mabawuti adzalowe kuti mapaipi apalambalale. Mapaipi akagona m'njira zake, mmisiri wanzeru amaika tepi yoyezera pambali n'kujambula ndi foni pulasitala asanaphimbe. Chithunzi chimenechi n'chofunika kuposa chija chimene mwini nyumba anabwera nacho, pakuti palibe chowawa ngati kuboola khoma la matailosi atsopano n'kuona madzi akutumphuka m'bowo.

Anthu ena amaganiza kuti kabati yoyima pansi ndi ya mmisiri waulesi, yongobweretsa n'kukhazika. Amene anayesapo amadziwa kuti pansi pa bafa sipakhala pa levulo, ndipo sipayenera kutero. Womanga amapendeketsa dala kuti madzi athamangire kudzenje lotulukira. Kabati ya miyendo yofanana ikaikidwa pamenepo imagwedera, sinki imapendeka, madzi n'kumatsalira pakona imodzi, zitseko n'kumatseguka zokha. Mmisiri amaikhazika kaye pa tizidutswa ta matabwa mpaka kathovu ka mu levulo kaime pakati, mbali zonse ziwiri. Kenako amagoneka pensulo pa kathabwa kakang'ono, n'kukakwekweza pansi motsatira thabwa la m'munsi mwa kabati. Pensulo imakwera pamene pansi pakwera, imatsika pamene patsika, ndipo pa thabwa pamatsala mzere wokhotakhota womwe ndi chithunzi chenicheni cha simentiyo. Akacheka motsatira mzerewo n'kupala pang'ono, kabati imakhala pansi mwakuti ngakhale pepala silingalowe. Akatero amaimangirirabe kukhoma ndi masikuluu awiri, kuti mwana wokoka dilowa asaigwetse ndiponso kuti mapaipi asamagwedezeke.

Mdani wake wamkulu ndi madzi, ndipo mabafa athu ndi onyowa kuposa a pa zithunzi zija. Kumene zithunzizo zimachokera, wosamba amatsekeredwa m'kachipinda ka galasi, pansi ponse n'kukhala pouma. Kuno timasamba ndi ndowa madzi akadula, timasambitsa ana m'beseni, timachapira momwemo, ndipo Loweruka wokolopa amakhuthula ndowa yathunthu pansi asanayambe kukwecha. Thabwa limamwa madzi kwambiri kudzera kumutu kwake, m'njira zomwe mtengo unkakwezera madzi uli moyo. Mwendo wa thabwa woponda pa simenti yonyowa ndiye kuti ukumwa usana ndi usiku. Choncho m'bafa lonyowa chotere mmisiri salola thabwa kukhudza pansi. Amaika timiyendo ta pulasitiki kapena ta chitsulo chosachita dzimbiri, timene timazungulizidwa kuti tikwere kapena titsike. Kapena amapempha womanga kuti aumbe kachiunda ka konkire kotalika masentimita 10, kovekedwa matailosi, kuti kabati ikhale pamenepo madzi azidutsa m'munsi. Pomata silikoni m'mphepete, samata kuzungulira konse. Amasiya kampata, kuti paipi ikadzayamba kudontha m'kati, madzi atulukire poonekera m'malo mobisala mpaka thabwa litawola.

Palinso chiswe. Chimalowa pa mng'alu wa simenti kapena pamene paipi yapyoza pansi, ndipo chimakonda mdima ndi chinyezi, zomwe kuseri kwa kabati yoyima zilipo zambiri. Chimatha kudya msana wonse wa kabati kutsogolo kukuwalabe. Mmisiri amatseka bwino m'mphepete mwa paipi asanakhazike kabati, ndipo thabwa la m'munsi amalipanga lochotseka kuti mwini nyumba azitha kusuzumira ndi tochi. Apa kabati yopachika ili ndi mwayi woonekeratu. Chiswe chikafuna kuifikira chiyenera kumanga njira yake ya dothi pa matailosi poyera, pomwe wokolopa adzaiona m'mawa mwake. Nazo mphemvu zimasowa pobisala.

Nkhani ya matabwa ndi imene amisiri amaikamba ndi mtima wonse. Mfumu yake ndi mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, mtengo wotuluka utomoni wofiira ukaudula. Mtima wake chiswe sichiukonda, ndipo ukauma bwino sutupa kapena kufota kwambiri nyengo ikasintha. Mbawa nayo ndi yokongola, yofiirira, yomvera chopalira. Koma mitengo imeneyi yachepa, moti mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES anaika mitundu yake ya mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a kunja ayenera kuyang'aniridwa. Mmisiri woganiza bwino sauwononga pa mbali zosaoneka. Amaugwiritsa ntchito pa mafelemu, pa zitseko ndi pa thabwa lonyamula katundu lija, ndipo akapeza chitseko chakale cha mlombwa chochotsedwa pa nyumba yogumulidwa amachigula mokondwa, poti thabwa lake linauma kalekale. Paini wa ku Chikangawa ndi wotchipirapo, koma ndi wofewa, ndipo m'bafa amafuna mankhwala ndi vanishi wokwanira. Pulayiwudi yomatidwa ndi guluu wosaopa madzi imachita bwino pa thupi la kabati.

Makabati ambiri a m'sitolo ndi a matabwa opangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, ovekedwa chikopa chosalala kunja. Pouma amakhalitsa. Koma madzi akapeza polowera amafufuma, ndipo akafufuma sabwereranso. Mmisiri akapatsidwa kabati yotere kuti aike, sainyoza. Amangodziwa kuti imfa yake idzayambira pamene macheka adutsa, pa bowo la paipi ndi pa mkombero wa sinki, ndiye amapaka vanishi kapena silikoni pa bala lililonse asanaike chilichonse. Ngakhale pa thabwa lenileni amapaka mbali zonse, kumsana ndi kunsi komwe, kumene mwini nyumba sadzayang'anako. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mbali inayo n'kupindika.

Amawerengeranso mwezi umene akugwira ntchito. Dilowa yopangidwa mu Okutobala, mpweya uli gwa, amaisiyira mpata wokulirapo, podziwa kuti pofika Febuluwale thabwa lidzakhala litatupa m'lifupi mwake. Yopangidwa pakati pa mvula amaithinitsa pang'ono, poti idzamasuka yokha. Dilowa ya m'mwamba amaisema pakati kuti izungulire paipi yopindika ija, m'malo motaya malo onsewo. Mahinji ndi masikuluu amasankha osachita dzimbiri, ndipo kumsana kapena kunsi amasiya timabowo toti mpweya uziyenda, thawulo lisamanunkhe nkhungu.

Pali chinthu chimodzi chimene kabati yopachika imapereka mwaulere, ndicho ufulu wosankha msinkhu. Kawirikawiri mkombero wa sinki umakhala masentimita 80 mpaka 90 kuchokera pansi, ndipo yoyima pansi yogula m'sitolo imabwera ndi msinkhu wake wokhazikika. Mmisiri wopachika amaimiritsa mwini nyumba kukhoma, kumuuza kuti achite ngati akusamba m'maso, n'kulemba mzere pamene manja afika msana usanawerame kwambiri. Amafunsanso za ena a m'nyumbamo. Ngati muli munthu woyendera njinga ya aulumali, nkhani ya kukongola imayamba yaima, chifukwa mawondo ake ayenera kulowa kunsi kwa sinki. Malamulo a ku America a ADA amati mpata wa mawondo usachepere mainchi 27, omwe ndi masentimita pafupifupi 69, ndipo mkombero usapitirire mainchi 34, pafupifupi masentimita 86. Mmisiri wa kuno amene sanawerengepo malamulowo amafika pa manambala oyandikira pongoyeza njingayo ndi mwini wake atakhalapo. Amakulunganso paipi ya madzi otentha kuti isawotche miyendo imene mwina siimva kutentha.

Zonsezi zikaunikidwa, nthawi zina yankho silikhala limene mwini nyumba amafuna. Apa m'pamene mmisiri amaoneka msinkhu wake. N'kosavuta kunena kuti "Zitheka, bwana," kulandira ndalama, n'kuzimitsa foni kabati ikadzayamba kulekana ndi khoma. Wodziwa ntchito amatambasula dzanja lokhala ndi fumbi lija n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, khoma ili ndi la matope m'kati. Ndikapachika, chaka sichitha." Sathera pokana. Amapereka njira ina: kabati yomangiriridwa kukhoma koma yokhala ndi timiyendo tiwiri tachitsulo kutsogolo, kapena yokhala pa kachiunda kobwerera m'kati kwambiri, mwakuti woimirira pakhomo amaiona ngati ikulendewera. Kwa wokhala m'nyumba ya lendi amalangiza yoyima, imene adzanyamule posamuka osasiya mabowo oti akakangane ndi alandilodi. Kwa amene ali ndi bafa laling'ono, khoma la 9 inchi ndi paipi yotulukira kukhoma, amalimbikitsa yopachika ndi mtima wonse, chifukwa pansi pakaoneka ponse chipinda chimaoneka chotakasuka ndipo chimauma msanga.

Ntchito ikatha salongedza zida nthawi yomweyo. Amatseka sinki, kuidzaza mpaka madzi ayambe kulowa pa kabowo kotetezera kusefukira, n'kutsegula kamodzin'kamodzi kuti mapaipi alandire madzi ambiri. Amagwada, kudutsitsa pepala louma pa mfundo iliyonse, n'kuliyang'ana pa kuwala. Amadzuka, kuika manja onse awiri pa mkombero, n'kutsamira ndi thupi lonse, maso ali pa mzere wa silikoni wa kukhoma kuti aone ngati ukutseguka. Akatero amaitana mwini nyumba ndi wantchito wa m'nyumba, kuwaonetsa timipopi tiwiri ta kunsi totsekera madzi a sinki yokha, ndiponso mmene angamasulire paipi yopindika ija ndi manja tsitsi likadzatseka.

Amaganiziranso munthu amene mwina sadzakumana naye. Mpopi uliwonse umadzatha, paipi iliyonse imadzadontha, ndipo tsiku lina pulambala wina adzagwada pamalo omwewo. N'chifukwa chake thabwa lobisa mapaipi salimata ndi guluu, amalimanga ndi masikuluu anayi ofikirika. Mabowo a mapaipi amawakulitsa pang'ono kuti sipanala izitha kulowa ndi kutembenuka. Eni nyumba amene amanyinyirika kuti mmisiri wotere amachedwa ndiponso ndi wodula ayenera kudziwa chimene akulipira. Theka la ntchito yake lili m'khoma, kunsi ndi kumsana, ndipo ndi theka limenelo limene lidzachititse kuti kukonza mpopi zaka khumi zikubwerazo kudzakhale ntchito ya ola limodzi, osati kugumula bafa.